Mmodzi Kutsogolo

Pa kampani yosamutsa katundu ija panali lamulo lina lomwe silinalembedwe paliponse, koma aliyense ankalidziwa kuposa dzina la bwana: anzako akamanyamula, iwe suima. Kaya ndiwe dalaivala, kaya wangobwera kudzatenga makiyi, ukaona anthu akulimbana ndi firiji pamasitepe umataya zomwe wagwira n'kuikapo dzanja. Wopezeka ataima ankasesa lole poweruka, yekhayekha, anzake akusamba m'manja kwinaku akumulozera pomwe patsalira fumbi.

Ngolo anagwira ntchito pamenepo zaka khumi ndi zitatu osaligwirapo tsachelo. Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake, ndipo linamukhala. Anali munthu wamfupi, wa khosi lonenepa, wosakonda zolongolola, ndipo kabati ikakanirira pakhomo anthu ankangozindikira kuti mbali yolemera ili kale m'manja mwake, asanamuitane n'komwe. Amene ankadziwana bwino ndi tsache anali mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, yemwe ankatchedwa Mthunzi. Ameneyu anali wamtali, wowonda, wa miyendo yosatha, ndipo Mulungu anamupatsa mphatso yodziwa pomwe dzuwa silifika. Ntchitoyo anamupezera ndi Ngolo yemweyo atachondereredwa kunyumba, ndipo Lolemba lililonse ankanong'oneza bondo.

Kampaniyo inali ndi timu mu ligi ya makampani, yosewera Loweruka masana. Ngolo ankavala jezi nambala naini kuyambira chaka chomwe timuyo inabadwa. Anzake ankaponya majezi awo m'thumba limodzi kuti akachapidwe pamodzi, koma iye yake ankapita nayo kunyumba, kuichapa yekha, kuiyanika m'nyumba kuti dzuwa lisadye nambala. Pabwalo sanali waliwiro, koma zigoli ankamwetsa: ndi mutu, ndi bondo, tsiku lina ndi msana osadziwa. Ndipo mpira ukakhala kwa adani ankapezeka paliponse, kumbuyo, pakati, m'mbali, moti mphindi khumi zisanathe jezi inkakhala itanyowa. Ochemerera ankamukondera zimenezo. Iyenso ankadzikondera zomwezo, ngakhale mutamufunsa sakanavomera.

Chaka chimenecho zinthu zinathina. Makampani ena anali atalemba anyamata a nsapato zamitundumitundu, pomwe osamutsa katundu anakalambira limodzi monga anayambira limodzi. Anagonja kasanu motsatizana, ndipo kugonja kwake sikunali kwaulemu: zinayi, zisanu, tsiku lina zisanu ndi chimodzi, mpaka goloboyi wawo, yemwe anali dalaivala wa lole yaikulu, anayamba kudandaula kuti msana ukumupweteka chifukwa chowerama kutola mpira mu ukonde. Kunatsala masewero atatu, ndipo aliyense ankaona kuti ligi ikuwatsanzika.

Mphunzitsi wa timu anali Akapitawo, bambo a imvi amene mawondo anawaletsa mpira kalekale koma mutu unakana kupuma. Lachiwiri lina, nthawi ya nkhomaliro, anasonkhanitsa anthu awo m'nyumba ina yomwe anali atangoichotsa katundu. Munali mutatsala zipsera za mafelemu pakhoma ndi fungo la mankhwala ophera mphemvu. Anakhala pansi pasimenti, anatulutsa kathumba ka mabawuti a bedi la mwininyumba, n'kuyamba kuwandandalika.

"Tamverani," anatero. "Mpira wothamangitsana ife sitingauthenso. Mawondo anu ndimawamva pamasitepe, amalira kuposa masitepewo. Ndiye mpirawo tiwasiyire adaniwo, ausewere mpaka akhute. Ife asanu apa, mzere umodzi, kutsogolo kwa golo lathu. Anayi apa, pafupi zedi, moti pakati pa mizere iwiriyi pasadutse ngakhale mphaka. Azungulira, azungulira, kenako mtima uwapsa, abwera onse, ndi akumbuyo omwe. Pamenepo wolanda mpira asaganize, asafune mnzake wapafupi. Aumenye kutali, kuseri kwawo, komwe kwatsala udzu wokhawokha."

Anatenga bawuti lomaliza, lalitali kuposa ena onse, n'kuliika lokha kutali, pafupi ndi khomo la kukhitchini.

"Uyu ndi Ngolo. Ntchito yake ndi kuima."

"Kuima?" anafunsa Ngolo.

"Kuima. Pamzere wapakati, mapazi onse mbali yathu, kuti mpira ukanyamuka woyimbira asakuimbire ofusayidi. Ukaima pamenepo, iwo asiya anthu awiri okulondera. Awiriwo ndiye kuti sakutivutitsa kumbuyo kuno. Koma ukabwerera kudzathandiza, nawonso akutsata, ndiye kuti watibweretsera alendo awiri m'nyumba yodzaza kale. Komanso miyendo yakoyo ndikuifuna yosatopa. Mpira wabwino ubwera kamodzi, mwina kawiri, pa masewero onse."

"Ndiye anzanga azifa kumbuyo, ine ndangoti njo?"

"Ndendende."

Mthunzi, yemwe anali atatsamira khoma la mbali yozizira, anakweza dzanja. "Akapitawo, ntchito imeneyo ine ndili nayo satifiketi."

Nyumba yopanda katundu imakuza phokoso, moti kusekako kunamveka mpaka kumsewu. Mthunzi pa timu anali wapabenchi, wonyamula madzi, ndipo madziwo nthawi zambiri ankayamba kumwa ndi iye. Akapitawo okha ndi amene sanaseke. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, kenako anayamba kutolera mabawuti kuti bedi la eni ake lisadzaperewere.

Njirayo inagwira, koma theka. Masewero otsatira anafanana mphamvu osagoletsana; enawo anagonja ndi chigoli chimodzi chokha, chinthu chomwe dalaivala anachitcha tchuthi. Kumbuyo kunalimba ndithu. Mng'ono wake wa Ngolo, amene ankasewera pakati pa asanu aja, ankakuwira anzake kuti mzere usapindike, ndipo adani ankazunguliradi monga ananenera Akapitawo. Vuto linali bawuti lalitali lija. Ngolo ankaima mphindi zisanu, zikachuluka zisanu ndi ziwiri, kenako miyendo inkayamba yokha. Mpira womenyedwa kutali unkagwa paudzu wopanda munthu, adani n'kuutola mosatekeseka, n'kuubweretsanso.

Sikuti anali wosamva. Ankamva bwinobwino, ndipo ankavomereza kuti Akapitawo akunena zoona. Koma munthu amene kwa zaka khumi ndi zitatu wakhala akutaya chilichonse pansi akangomva mnzake akubuula sangaphunzire kupinda manja pa masabata awiri. Akaima pamzere paja ankamva manyazi enieni, otentha m'makutu, ngati onse ozungulira bwalo akumuloza chala.

Lachinayi Akapitawo anaganiza zomuphunzitsira pantchito pomwe. Panali piyano yoti itsike kuchokera pansanjika yachitatu, masitepe ake opapatiza, okhota kawiri.

"Iwe Ngolo, ima apa pamsewu. Usakhudze kanthu. Ndikufuna ndione ngati ungathe."

Anaima. Anaika manja m'thumba, anawatulutsa, anawapinda pachifuwa, anawabwezera m'thumba. M'mwamba munkamveka mawu a mng'ono wake: "Pang'onopang'ono! Tsitsani kwanuko!" Kenako piyano inalira itagunda khoma. Mayi wina amene ankathirira maluwa pakhonde loyandikana anamuyang'ana n'kufunsa mwaulemu, "Kodi inu ndiye abwana awo?" Pomwe Akapitawo amacheuka n'kuti Ngolo ali kale pamasitepe, phewa lili pansi pa piyano.

Piyano italowa mu lole, Akapitawo anamuitanira pambali. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Loweruka ndi masewero omaliza. Tikapanda kupambana, tatuluka mu ligi. Ndikupatsa chigawo choyamba. Ukaima, jezi ndi yako. Ukabwerera kumbuyo, popuma uvula, avala mlamu wako."

"Mthunzi? Naini?"

"Yemweyo. Ndinamuona tsiku lina akuthawa galu wa kasitomala. Miyendo ija si yamasewera, amangoisunga."

Poweruka tsiku limenelo tsache linali kwa mwini wake monga mwa masiku onse. Ngolo anachedwa dala kusamba m'manja mpaka anzake anapita, kenako anakaima kumbuyo kwa lole. Kufunsa nzeru kwa Mthunzi chinali chinthu chomwe sanachilotepo, moti funsolo linatuluka ngati mlandu.

"Alamu, kodi mumatha bwanji? Anthu akuvutika, inu mwangoima, mtima uli m'malo."

Mthunzi anatsamira tsache. Tsache nalonso ankaligwiritsa ntchito motero kuposa kusesera.

"Ndimakhala ndikuyang'ana, alamu. Inu mukanyamula kabati mumaona kabati. Ine ndimaona khomo, masitepe, komwe kuli galu. Piyano ija ikanatsikira masitepe akumbuyo, kulibe makhota, ndi otakasuka. Ndinaona titangofika."

"Nanga osanena bwanji?"

"Munthu wa tsache amamufunsa ndani?"

Ngolo anachokapo atakwiya, makamaka chifukwa masitepe akumbuyowo anawaonadi potuluka m'nyumba ya piyano ija, ndipo anali otakasuka.

Loweruka m'mawa anayala jezi patebulo n'kumaisita ataitembenuza, kuti simbi isakhudze nambala. Mkazi wake ankamwa tiyi ataima pakhomo la kukhitchini, akumuyang'ana.

"Inu bambo, nkhope yonseyo chifukwa akuuzani kuti mupume? Ine wina atandiuza kuti ndiime osagwira kanthu ola ndi theka, ndingamugulire ndi mphatso yomwe."

"Simukumvetsa."

"Ndikumvetsa. Ndinakwatiwa nanu ine. Tikapita kocheza kwa anthu, inu mumathera kuwakonzera chitseko." Anamwa tiyi pang'ono. "Achimwene andiuza zonse. Akuti jezi yanuyo sakuifuna, akuti ili ndi ntchito yambiri."

"Asadandaule. Saivala."

"Ndiye muime."

"Ndiima."

Ananena motsimikiza, ndipo ankakhulupiriradi. Koma mantha analipo. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ankadziwa kuti pa msinkhu umenewo jezi ukaivula sibwereranso.

Bwalo la ligi linali kuseri kwa malo osungira mabasi, lozunguliridwa ndi waya, mbali imodzi kuli mabenchi atatu a matabwa. Mizere anali ataithira laimu m'mawa womwewo, ndipo wapakati unakhota pang'ono pomwe wothirayo anapatukira chithaphwi. Adani a tsikulo anali a kampani ya mafoni, anyamata okhaokha, ndipo iwo akapambana chikho chinali chawo. Anabwera ndi ochemerera odzaza basi, ndi mipira isanu ndi umodzi yongotenthetsera thupi. Osamutsa katundu anabwera pa lole yawo, ndi mpira umodzi.

Wenzulo italira, zonse zinayenda monga mabawuti aja. Asanu kumbuyo, anayi patsogolo pawo, akusuntha pamodzi kumanja, kumanzere, kumanjanso, osathamangira mpira. Anyamata a mafoni ankapatsirana mokoma, ochemerera awo akuwerenga mokweza, koma kupatsirana konseko kunkathera kutali ndi golo. Ngolo anaima pamzere. Anyamata awiri anaima naye, wina uku wina uku, mmodzi akutafuna chingamu.

Mphindi khumi zinadutsa, chinthu chomwe anali asanachitepo. Kenako kuchokera ku waya kunamveka mawu a munthu womudziwa: "Ngolo! Wadwala?" Wina anawonjezera, "Akudikira basi ameneyo!" Anthu anaseka. Ngolo anayang'ana kumabenchi, anaona mkazi wake akumukanira ndi mutu kuti asasunthe. Sanasunthe.

Koma kenako kunabwera makona atatu otsatizana. Pa yoyamba dalaivala anaupherera kunja ndi nsonga za zala. Pa yachiwiri mng'ono wake anadumpha, anagundana mitu ndi mnyamata wina, anagwa, anadzuka atagwira chipumi. Pa yachitatu Ngolo anali m'bokosi. M'mene anafikiramo sakanatha kufotokoza. Anaudumphira mpirawo, anauchotsa ndi mutu mwamphamvu, anthu n'kukuwa, "Ameneyo ndiye Ngolo!" Mtima wake unakhala pansi koyamba tsiku limenelo. Sanaone kuti mpira wakewo wagwera wa chingamu uja, yemwe anamutsata mpaka pafupi ndi bokosi ndipo tsopano analibe womutchinga. Mnyamatayo anaumenya, unagunda mtengo wa golo, ndipo mtengowo unanjenjemera nthawi yaitali.

Ngolo anabwerera pamzere akuthamanga, osayang'ana kubenchi. Anadziuza kuti kamodzi kokha si mlandu. Koma atalawa kamodzi, kachiwiri sikanavute, ndipo kachitatu sanadzifunse n'komwe. Ankapita, kuthandiza, kubwerera. Kupita, kuthandiza, kubwerera, ndipo ulendo uliwonse unali theka la bwalo kupita, theka la bwalo kubwera.

Chigawo chitatsala pang'ono kutha, mpira wolonjezedwa uja unabwera. Ngolo anali atangofika pamzere, manja pamawondo, akufunafuna mpweya. Mng'ono wake analanda mpira, sanaganize, anaumenya kutali. Unadutsa pamwamba pa onse, unagwa kuseri, paudzu wokhawokha, n'kumagubuduzika pang'onopang'ono kulowera ku golo la adani. Unali mpira wokongola, woti ngakhale Akapitawo ndi mawondo awo akanauyesa. Ngolo anauyamba ali patsogolo ndi mapazi atatu. Koma miyendo inali itathera kumbuyo kuja. Anamva mnyamata akubwera, akumupeza, akumupitirira, osamukankha, osamukhudza n'komwe. Mnyamatayo anabweza mpira kwa goloboyi wake, ndipo podutsa anati, "Pepani madala."

Sananene mwachipongwe. N'chifukwa chake zinapweteka.

Popuma onse anakhala pansi pambali pa lole. Palibe anatchula za mpira uja. Akapitawo ankagawa madzi, osamuyang'ana. Ngolo sanadikire kuuzidwa. Anagwira jezi kukhosi, anaivula, yolemera ndi thukuta, n'kuipereka kwa mlamu wake.

"Alamu, ine sindinapemphe," anatero Mthunzi motsitsa mawu.

"Ndikudziwa. Valani."

Timuyo inali ndi majezi khumi ndi imodzi basi, moti wolowa ankavala ya wotuluka, yonyowa momwemo. Pa Mthunzi inafupika, mchombo unatsala pang'ono kuonekera, koma palibe anaseka. Ngolo anakakhala pabenchi chifuwa chili pamtunda, akuyang'ana pansi.

Pamenepo Kalipentala, yemwe pantchito ankamasula ndi kumanga mabedi ndipo pabwalo ankatchinga pambali pa mng'ono wa Ngolo, anayesa kudzuka n'kukhalanso pansi. Mnofu wa m'ntchafu unali utakoka. Wina wapabenchi panalibe, koma mu ligi imeneyi wotuluka ankaloledwa kulowanso. Akapitawo anayang'ana Kalipentala, anayang'ana Ngolo, kenako anatenga jezi nambala folo n'kumuponyera pamiyendo.

"Kumbuyo umakukonda. Pita ukakuone bwinobwino."

Anakuonadi. Kubwera kwa mphindi imodzi, kuchotsa mpira ndi mutu, kuomberedwa m'manja n'kubwerera, ndi kwina. Kukhalako ndi kwina. Kunalibe kupuma. Mpira ukachotsedwa unkabweranso anthu asanapukute nkhope. Mng'ono wake, amene kunyumba sankamuyankha mokweza, apa ankamulamula: "Achimwene, mzere! Musatuluke! Musiyeni abwere yekha!" Ndipo Ngolo anayamba kuona kuti ngakhale kumbuyo kuno ntchito yaikulu ndi kudziletsa. Ukathamangira munthu wa mpira wasiya khomo pomwe unaima, ndipo anyamata ajawa makomo ankawaona msanga.

Nthawi zina ankaponya maso kutsogolo, mtima n'kumupsa. Mthunzi anali pamzere, manja m'chiuno, mwendo wina ataupinda, akucheza ndi omulondera aja. Nthawi ina anaoneka akuwafunsa za nsapato zawo, mpaka wina anakweza phazi kumuonetsa kunsi kwake. Anthu a ku waya anamunyoza mpaka anatopa, iye n'kuwabayibitsa. Manyazi ndi Mthunzi anali asanakumanepo.

Mpira woyamba umene Ngolo analanda anaupatsira mnzake wapafupi, monga anazolowera. Mnzakeyo analandidwa pomwepo, ndipo anawapulumutsa ndi dalaivala, ndi phazi.

"Kutali, achimwene! Kutali!" anakuwa mng'ono wake.

Mphindi zinkatha. Anyamata a mafoni mtima unayamba kuwapsa monga ananenera Akapitawo. Kupatsirana kokoma kuja kunatha, anayamba kungoponya mipira m'bokosi, ndipo mipira yam'mwamba kwa anthu a makosi onyamula mafiriji inali mphatso. Mphunzitsi wawo ankawakankha ndi manja onse awiri kuti apite kutsogolo. Wa chingamu uja anayang'ana Mthunzi, anaona munthu woyasamula amene chilowereni sanakhudze mpira, ndipo anaganiza kuti kuika anthu awiri pa munthu wotero n'kuwononga anthu. Anamusiyira mnzake, iye n'kupita kukathandiza kutsogolo.

Kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, mpira unagunda bondo la munthu n'kugwera Ngolo m'mapazi, m'mphepete mwa bokosi. Anyamata atatu anamuthamangira nthawi imodzi. Chifuwa chinkamuotcha, thukuta linali m'maso, anzake onse apafupi anali ndi munthu pamsana. Analibe kopita nawo. Anadzutsa mutu.

Kutali uko, kupitirira chipwirikiti chonsecho, kunali munthu. Anali ataima, mapazi onse mbali yawo ya mzere, manja atawachotsa m'chiuno, thupi atalitembenuza kale kuloza ku golo la adani. Sanakuwe, sanakweze dzanja. Analipo basi. Ngolo anamva kupepukidwa komwe anali asanakumvepo pabwalo la mpira, konga kwa munthu amene watsala pang'ono kugwetsa katundu ndiye wapeza potula. Anaumenya ndi mphamvu zonse zomwe zinamutsalira.

Za miyendo ija Akapitawo sananame. Mthunzi anaitambasula kamodzi, kawiri, katatu, womulondera n'kutsala akuwerenga nambala yakumsana. Goloboyi anatuluka, Mthunzi anaukankhira pambali pake modekha, osawononga mphamvu, mpira n'kulowa pang'onopang'ono ngati nawonso sukufuna kutopa. Sanathamange pokondwerera. Anabwerera pamzere akuyenda, ndipo ulendo umenewo wokha unadya pafupifupi mphindi yathunthu.

Zotsalazo anazitchinga ndi mitu, ndi ntchafu, dalaivala kamodzi ndi nkhope. Wenzulo yomaliza italira, anthu anadumpha waya kuthamangira kwa Mthunzi. Akapitawo anavula chipewa, anakhala pabenchi, n'kumaseka okha.

Ngolo anakhala paudzu pomwe wenzulo inamupezera, m'bokosi momwemo. Mng'ono wake anadzakhala pambali pake, chipumi chitatupa, n'kuyamba kumasula nsapato.

"Kodi kuno kumakhala chonchi?" anafunsa Ngolo.

"Loweruka lililonse."

"Ndiye mukalanda mpira, anthu atakuzingani, mumadzutsa mutu."

"Timadzutsa."

"N'kuona chiyani?"

Mng'ono wakeyo anavula nsapato imodzi, anaigogoda pansi kuti dothi lichoke.

"Timaona inuyo, achimwene. Pambali pathu pomwepa. Kutsogolo kulibe munthu."

"Masabata atatu onsewa?"

"Zaka, achimwene. Njira ya Akapitawoyi yangoziika poyera."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Tikanati chiyani? Kuti musatithandize? Inu mumabwera mutanyowa, mukutifera. Munthu wotero umamuuza bwanji?"

Ngolo m'mawa ankaganiza kuti chomwe chingamupweteke tsiku limenelo ndi jezi, koma ichi chinalowa mkati kuposa jezi. Anachita manyazi, anachitanso chisoni ndi anthu amene anamukonda mpaka kumubisira.

Mthunzi anatuluka m'gulu la anthu atavula kale, jezi ataigwira ndi manja awiri.

"Alamu, katundu wanu uyu. Ine zandikwana. Kuthamanga kwa chaka chonse ndathamangiratu lero."

Ngolo anaiyang'ana, nambala ili pamwamba. Ankaifuna, ndipo sanadzinamize kuti sakuifuna. Koma manja ake anakhalabe pazingwe za nsapato.

"Pitani nayo, alamu," anatero. "Chaka chamawa ndikadzutsa mutu, ndikupezeni pomwe paja."